Nkhani za Usiku mu Kalikiliki ndi Amene Ankaima Pakhomo

Komboni ya Kalikiliki ili kummawa kwa mzinda wa Lusaka, yopanikizika pakati pa Mtendere ndi mipanda italiitali ya ku Kabulonga ndi Ibex Hill. Ambiri okhala kumeneko amalawira mbandakucha kukagwira ntchito kuseri kwa mipandayo, wina ulonda, wina kuchapa ndi kusita, wina kuthirira maluwa, ndipo dzuwa likalowa amabwerera ku kachipinda kamodzi kapena tiwiri ta lendi. M'menemo ndi mmene muli mbaula, bedi la makolo, mphasa ya ana, wailesi yakanema ndi foni. Cholekanitsa kwa akulu ndi kwa ana ndi chitenje chopachika pachingwe. Mukapita ku Kanyama, ku Chawama, ku George kapena ku Kalingalinga mukapeza zomwezo. M'nyumba yotere si nkhani yamasewera kufunsa kuti nkhani ziti n'za akulu okha, zimvedwe nthawi yanji, ndipo ndani auze mwana kuti tuluka.

Mumamva kawirikawiri, paguwa ndi m'minibasi momwe, kuti nkhani zamagazi, zaufiti ndi zachigololo zinabwera ndi mafilimu a ku Nigeria kapena ndi mafoni. Otero aiwala nthano za agogo awo. Anthu amene anadzaza makomboni a Lusaka kuchokera ku Katete, Chadiza, Petauke, Chipata ndi kutsidya kwa malire ku Mchinji ndi Dedza anakula ndi nthano zoimitsa tsitsi: mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi n'kukwatiwa ndi mlendo wooneka bwino amene usiku amasanduka fisi, mkazi wansanje woponya mwana wa mkazi mnzake m'dziwe, afiti ofukula maliro n'kugawana nyama, mbale wopha mbale wake panjira chifukwa cha katundu, mbalame n'kumamulondola ikuimba mpaka kumudzi. Nkhani yomalizayi John Gwengwe anailemba m'buku la Sikusinja ndi Gwenembe, ndipo ana a sukulu analiwerenga zaka zambirimbiri. Zoopsa tinali nazo kale, zochuluka ndithu. Kasungidwe kake ndiko kanali kena.

Nthano inali ndi nthawi yake. Inkakambidwa usiku anthu atadya, makamaka zokolola zitalowa m'nkhokwe, ndipo mwana woyambitsa nthano masana ankaopsezedwa kuti aitanira makolo ake tsoka. Inali ndi polowera: wokamba ankati "Padangokhala," omvera n'kuvomera kuti "Tili tonse," ndipo kuvomerako kunkapitirira mpaka kumapeto. Ambiri amayesa kuvomera kuja n'kokometsera chabe. Ine ndimaona kuti m'menemo ndi mmene munali mphamvu ya omvera. Wokamba akapyola muyeso, kaya wayamba kutukwana, kaya akuopseza dala kamwana kamene kayamba kale kunjenjemera, mawu ovomera ankazilala, ndipo nthano yopanda ovomera imafera panjira. Inalinso ndi potulukira, mawu otsekera odziwitsa aliyense kuti fisi uja watsala m'nthano, tiyeni tikagone. Choposa zonse, wokambayo anali munthu wodziwika, agogo kapena azakhali, amene ankaona nkhope za ana pa kuwala kwa moto. Akaona kuti wina wakakamira mwendo wa mnzake, ankadutsa msanga pamene mfiti ikudya n'kutalikitsa nyimbo. Mwana wolota zoopsa ankadziwa kokadandaula kukacha.

Panalinso nkhani zimene sizinkafika pamoto wa onse, ndipo mudzi wa Achewa unkamangidwa moganizira zimenezo: anyamata kumphala, atsikana kukuka kwa agogo aakazi, anamwali kutsimba ndi anamkungwi awo, amuna ometa kudambwe. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndi sewero la akulu lodzaza ndi imfa, matenda, misala, dama ndi nkhanza. Zilombo zimatulukira kumanda, zimavina pamaliro, zimanyoza chidakwa, wachimasomaso, mbala, ngakhale mzungu amene. Nyimbo zina zimene amuna ndi akazi amaponyerana pabwalo simungaziimbe pamaso pa apongozi tsiku wamba, koma ng'oma zikamalira zimaloledwa, ndipo gule akatha aliyense amabwerera ku ulemu wake. Za kudambwe zenizenizo sizituluka. Wosameta sapondako, ndipo nanenso sindizilemba pano. Malire amenewa sankasungidwa mwachifundo nthawi zonse. Anthu ankamenyedwa, ena ankalowetsedwa mokakamiza chifukwa chongosochera njira, ndipo zina mwa zodandaula za amishoni a Katolika ndi a Dutch Reformed zinali zomveka. Komabe nzeru yake inali yozama: nkhani yolemera ankaipatsa malo, nthawi ndi eni ake, m'malo moiletsa.

Lusaka itakhala likulu mu 1935, anthu anayamba kubwera ndi nkhani zawo, koma nyumba zosungiramo nkhanizo anazisiya kumudzi. Boma la atsamunda linkawaona ngati alendo odzagwira ntchito n'kubwerera kwawo. Amene sanapeze nyumba ku Matero kapena ku Chilenje ankamanga pa malo a eni mapulazi n'kumalipira lendi, ndipo makomboni ena mpaka lero akudziwika ndi mayina a eni malo aja, monga George, John Laing ndi John Howard. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa kuyenda atatha, anthu anakhamukira mumzinda. Mtendere inatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Kalikiliki n'kumera m'mbali mwake pafupi ndi damu. Kumeneko kunalibe mphala, kunalibe kuka, agogo anali kutali ku Katete, ndipo mnansi wa khoma limodzi anali Mbemba kapena Mtonga wa miyambo ina.

Woyamba kudzipatsa udindo woima pakhomo anali boma. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, Northern Rhodesia inali ndi komiti yapadera younika mafilimu oonetsa anthu akuda. A m'komitimo ankadula mbali zoonetsa akazi osavala mokwanira, zoonetsa mmene mbala zimagwirira ntchito yawo, ndi chilichonse chotsitsa ulemu wa mzungu, poganiza kuti munthu wakuda satha kusiyanitsa sewero ndi zoona. Filimu inkafika kwa oonera ili zidutswazidutswa. Koma Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 akufufuza moyo wa kumigodi, anapeza kuti oonera sankakhala chete. Ankakuwa, kulangiza ngwazi ya pahachi imene nthawi zonse ankaitcha Jack, kutsutsana, kumasulirana, mpaka kudzipangira nkhani yawoyawo pa zidutswazo. Anthu ozolowera kuvomera nthano sakanaonera kanema ali duu. Komiti inkadula zithunzi, koma tanthauzo linkatsala m'manja mwa oonera.

Wailesi ya Lusaka inayamba mu 1941, koma inalowa m'nyumba za anthu wamba kuyambira mu 1949, pamene Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kupanga kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kogulidwa mapaundi 5. M'zaka zomwezo anthu ankakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953, ndipo kunawanda mphekesera ya banyama, anthu oti amagwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi potumidwa ndi azungu. Peter Fraenkel, amene ankagwira ntchito pa wailesiyo, anafotokoza m'buku lake la Wayaleshi la mu 1959 mmene mphekeserayo inagwera aulutsi achikuda eniake, mpaka kukhala mwamantha pakati pa anthu awo. Nkhani ya banyama sinali yoopsa kuposa nthano ya afiti odya maliro. Koma inalibe polowera, inalibe mwini, inalibe mawu otsekera, ndipo chilombo chake chinali munthu weniweni wokhala ndi dzina ndi nambala ya nyumba.

Amene anaonetsa kuti nthano ikhoza kukhala m'tauni osataya ulemu wake anali Julius Chongo. Kuyambira mu 1966 mpaka 1976, pologalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa Radio Zambia inkasonkhanitsa anthu pakhomo pa aliyense amene anali ndi wailesi ndi mabatire amoyo. Anali munthu mmodzi patsogolo pa maikolofoni, koma m'kamwa mwake munkatuluka mudzi wonse: nkhalamba, namwali, mfumu, sing'anga, chidakwa, fisi. Ankatenga nthano zakale n'kuzisakaniza ndi za moyo watsopano wa ndalama ndi wa m'tauni, ndipo sankazemba ufiti, nsanje, chigololo kapena imfa. Vuto lake linali loti sankaona nkhope za omvera ngati agogo pamoto. Sankadziwa ngati pakhondepo pali mwana wa zaka 6 kapena apongozi. Chimene chinamupulumutsa ndi chinenero. Chinyanja cha Chongo chinali cha miyambi, zining'a ndi mikuluwiko, chodzaza ndi mawu omveketsa kugwa, kuthawa ndi kuphulika kwa zinthu, ndipo chinenero chotere chimagawa omvera chokha: wamkulu amamva zimene zachitika m'nyumbamo, mwana amangosekera mmene munthu wathawira pawindo. Luso limeneli olemba a lero ambiri alibe, ndipo ndimadandaula nalo kuposa mmene ndimadandaulira ndi zimene amalemba. Mwini wailesi nayenso anali ndi gawo lake, pakuti chala chake chinali pa batani, ndipo akati ana kagoneni, ankapita. Ernst Wendland, mphunzitsi wa pa seminale ya Lutheran mu Lusaka, analemba za nkhani za Chongo pa digiri yake yaukachenjede ku Wisconsin mu 1979, ndipo pambuyo pake anasindikiza zina mwa izo. Chongo mwini anasiyanso buku la Fumbi Khoboo!

Mabuku anali ndi mlonda wina. Ofesi yosindikiza mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene inakhazikitsidwa mu Lusaka mu 1948, ndi kampani ya NECZAM imene inadza ufulu utabwera, zinkadalira sukulu monga wogula wamkulu. Buku ngati Zomfula Mkazi Wacimasomaso la Jacob Zulu linkaloledwa kukamba za chiwerewere malinga ngati phunziro likuoneka poyera. Ku Malawi lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo la mu 1968 linapita patali kwambiri, koma amene linkamuteteza kwenikweni anali Dr Banda.

Zinthu zinatembenuka ndi vidiyo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, chuma chitagwa, ntchito zitasowa, m'makomboni munamera tizisakasa ta malata ndi mapulasitiki akuda, mkati muli mabenchi, wailesi yakanema ndi deki, panja bolodi lolembedwa ndi choko. Masana ankaonetsa karate ndi nkhondo. Filimu ya Living in Bondage ya mu 1992, ya munthu wopereka mkazi wake nsembe kuti alemere, inatsegula njira ya mafilimu a ku Nigeria a zizimba ndi magazi, ndipo anthu a m'komboni anawalandira msanga chifukwa nkhani ya wolemera mwa kukhwima ankaidziwa kale. Usiku ukakula, malo ena ankaika zolaula. Apa ndi pamene kwa nthawi yoyamba woima pakhomo anali munthu amene amapindula mwana akalowa. Agogo sankalandira kanthu poopseza mdzukulu, Chongo sankalipidwa mowerenga mitu, koma mnyamata wa pavidiyo kandalama ka mwana wa giredi 4 kanali ndiwo zake za tsikulo. Amene analibe kandalamako ankasuzumira pa ming'alu.

Komabe komboni sinangopinda manja. Amayi ankalowa m'zisakasamo n'kutulutsa ana powakoka khutu, wawo ndi wa mnansi yemwe, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Aphunzitsi ankasaka othawa sukulu kumeneko. Mwini vidiyo wosamva ankaitanidwa kwa atcheyamani, ndipo ankadziwa kuti mawa akakumana ndi amayi omwewo pampopi. Amayi a m'makomboni anasunganso chinthu china chimene amuna analephera kusunga: alangizi. Tsimba linasamukira m'chipinda cha lendi, zitseko n'kutsekedwa, ng'oma n'kulira, ana ndi amuna n'kuthamangitsidwa, ndipo mpaka lero mkwatibwi wa mu Lusaka amalangidwa za m'banja mosabisa mawu, pakati pa akazi okhaokha amene anadutsamo.

Boma nalo linapitiriza njira yake. Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Gawo 177 la malamulo a milandu limaletsa kupanga ndi kufalitsa zolaula. Mu 2016 Pulezidenti Edgar Lungu anakhazikitsa unduna woona za chikhalidwe ndi zipembedzo, ndipo nduna yake, Godfridah Sumaili, inaletsa wovina wa ku South Africa Zodwa Wabantu mu 2018, n'kulamulanso mu 2019 kuti pologalamu ya Lusaka Hustle ichotsedwe pa kanema wa Zambezi Magic. Undunawo unathetsedwa mu 2021. Ziletso zotere zimamveka kwambiri m'manyuzi, koma zimagwira zinthu zooneka patali, za anthu a madikoda ndi matikiti. Ku chitenje cha pachingwe mu Kalikiliki sizifika.

Ndipo nkhani zimene zinaphadi anthu m'makomboni sizinali m'buku kapena m'filimu. Mu March ndi April 2016 mitembo yodulidwa ziwalo inapezeka ku George, Zingalume ndi Lilanda. Imfazo zinali zenizeni, koma pamwamba pake panamera mphekesera yoti eni mashopu ochokera ku Rwanda akusunga ziwalo m'mafiriji. Pa 18 April chipolowe chinabuka, mashopu oposa 60 anaphwasulidwa, othawa kwawo anakabisala ku tchalitchi cha St Ignatius, ndipo ku Kanyama anthu awiri anawotchedwa amoyo. Onse awiri anali a ku Zambia konkuno. Kumayambiriro kwa 2020 kunadza mantha a anthu opopera mankhwala ogonetsa m'nyumba, oyambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse. Anthu ankachezera panja ndi zibonga, mlendo wofunsa njira ankasanduka mdani, ndipo pafupifupi anthu 50 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Anali banyama a mu 1953 omwe aja, tsopano akuyenda pa foni. Palibe komiti younika mafilimu imene ikanaletsa zimenezi, chifukwa aliyense wofalitsa ankakhulupirira kuti akunena zoona ndipo akuchenjeza abale.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amafuna kuti olemba athu asiye nkhani zowawa. Namwali Serpell, m'buku lake la The Old Drift la mu 2019, limene linapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020, anaika mbali yaikulu ya nkhani yake mu Kalingalinga, pafupi pomwepa: mayi wolira zaka zosawerengeka, mwana wake wolowa uhule, saluni, kachilombo ka Edzi. Mubanga Kalimamukwento, m'buku la The Mourning Bird la chaka chomwecho, analemba za mtsikana wamasiye wogona m'misewu ya Lusaka. Mabuku amenewa ali ndi mwini wodziwika, ali ndi chikuto, amayamba n'kutha, ndipo woona kuti zamulemera amatseka. Chodandaulitsa n'choti mpanda wawo ndi Chingerezi ndi mtengo, kotero kuti anthu amene akukambidwamo ndiwo omaliza kuwawerenga.

Koma pali mbali ina ya malire imene wolemba mbiri yotere sayenera kuilambalala, ndipo amene anaiika poyera ndi Rungano Nyoni, wobadwira mu Lusaka n'kukulira ku Wales. Filimu yake yoyamba yaitali, I Am Not a Witch ya mu 2017, ndi ya kamtsikana konamiziridwa ufiti. Yachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl, imene inamupezetsa mphotho ya wotsogolera filimu m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes mu 2024, imayamba ndi mtsikana wopeza mtembo wa amalume ake pamsewu usiku. Maliro akuyenda, asuweni akuululirana kuti amalumewo ankawagwirira ali ana, ndipo zikuoneka kuti azakhali ndi amayi ankadziwa. M'malo momva atsikanawo, banja likutembenukira mkazi wamasiye wachichepere n'kumuimba mlandu woti sanasamale mwamuna. Aliyense amene anagonapo pa nyumba ya maliro mu Lusaka akuzindikira chipinda chodzaza amayi chija, maphikidwe aja, kanong'onong'o kaja. Mawu amene ankateteza mwana ku nkhani za akulu, oti izi si za ana, za m'nyumba sizituluka, ndi omwewonso amene atsekera ana ambiri pakamwa. Mwambo wobisa unkasunga mwana, koma unkasunganso amalume. Poyamikira nzeru za makolo tiyenera kunena zonse ziwiri.

Lero mu Kalikiliki zisakasa zotsala zimadalira mpira wa ku England, pakuti filimu inasamukira m'manja. Foni imodzi imayenda kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wolemba homuweki, ili ndi zonse zimene bamboyo anaonera usiku. Alangizi akudandaula kuti zimene zinkanenedwa chitseko chili chotseka zikujambulidwa n'kumwazidwa. Palibenso mnyamata wa pakhomo woti amayi akamukalipire. Chimene chatsala ndi chimene chinalipo poyamba, anthu odziwana amene angagwirizane kuti ichi tionera pamodzi, ichi ana akagona, ichi sititumizirana, ndipo wobweretsa mphekesera atiuze amene wamuuza.

Filimu ya Nyoni ndikanakonda itaonetsedwa mu Kalikiliki momwemo, m'holo ya tchalitchi kapena m'kalasi Loweruka masana. Ana aang'ono atsale kunyumba. Alowe amayi a zigwirizano, alangizi, madikoni, amalume ndi atsikana osinkhuka, ndipo wotsogolera anene poyambirira zimene zili m'filimumo, kuti amene zinamuchitikirapo asankhe yekha kukhala kapena kutuluka popanda womuyang'ana. Ikatha anthu asabalalike msanga, akambirane. Pakhalenso wapolisi wa nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, imene inakhazikitsidwa mu 1994, chifukwa pa gulu lotere sipalephera kupezeka mtsikana amene adzafune kulankhula naye anthu akamatuluka.